Malo a anthu a zaluso mu Lusaka: ndiwerenge ati, ndisiye ati?

Mtsikana_wa_mapu analemba:

Muli bwanji nonse akuluakulu. Ndine mwana wa sukulu, ndikuphunzira za mapulani a mizinda ndipo chaka chino ndi chomaliza, manje kafukufuku wanga ndasankha za malo amene anthu a zaluso amagwiriramo ntchito muno mu Lusaka, oimba, a zisudzo, ojambula, osema, ovina, ndi zomwe zikusoweka kuti pulani ya mzinda iziwaganizirako nawonso. Sikuti ndikungofuna mamakisi chabe, ndikufuna zomwe ndipeze zikafike ku komiti ya wadi kwathu komanso kwa amene amalemba IDP, pulani ya chitukuko ya khansolo, poti lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 limati khansolo iliyonse ikhale ndi pulani imeneyi ndipo anthu afunsidwe maganizo awo isanavomerezedwe.

Vuto langa ndi ili. Ndinayamba kulemba mndandanda koma unatha msanga zodabwitsa: Lusaka Playhouse pa Church Road, Henry Tayali ku Showgrounds, National Museum pa Independence Avenue, Kabwata Cultural Village pa Burma Road, Alliance Française, Lechwe Trust ku Rhodes Park, 37d ku Kabulonga, holo yaikulu ya misonkhano ya Mulungushi. Nditaika madontho pa mapu onse aunjikana mbali imodzi, kuchoka pa Cairo Road kulowera kummawa. Kanyama mbee, Chawama mbee, Matero, George, Mandevu, Chipata komboni, palibe kadontho ngakhale kamodzi. Koma kalembera wa 2022 anapeza kuti boma la Lusaka lokha lili ndi anthu opitirira 2.2 miliyoni ndipo ambiri a iwo amakhala komwe kulibe madontho kuja, ndiye ine sindikukhulupirira kuti nyimbo zonse timamva m'minibasi zija zimachokera ku Kabulonga.

Ndiye ndithandizeni. Ndiwerenge malo otani, ndisiye otani? Bala yomwe bandi imaimba Lachisanu ndiiwerenge? Nanga tchalitchi? Anthu ndikawapeze bwanji oti alibe chikwangwani, ndipo ndikawapeza ndiwafunse chiyani choti a mapulani angachigwiritse ntchito? Aphunzitsi anga akuti mzinda wonse sindingathe, nditenge mawadi awiri kapena atatu basi. Amene muli mu ntchito zimenezi ndiuzeni chomwe chimakuvutani kwambiri, olo chioneke chaching'ono.

Mdala_wa_zisudzo anayankha:

Mwana wanga wachita bwino kufunsa. Ine zisudzo ndinayamba nthawi ya UNIP ndipo mpaka lero ndimathandiza achinyamata a kutchalitchi kwathu ku Matero, ndiye ndinena zomwe ndaona ndi maso.

Mapu akowo sakunama, akungokuonetsa mmene mzindawu unamangidwira. Azungu posamutsa likulu kuchoka ku Livingstone kubwera kuno mu 1935 pulani yawo inali ya mzinda wa mabwana, misewu yotakata ndi mitengo ku Ridgeway uko, munthu wakuda ankamuwerengera kuti ndi wantchito wobwera yekha opanda mkazi ndi ana, ntchito ikatha abwerere kumudzi. Tinyumba tozungulira ta ku Kabwata tomwe lero mumagulako ziboliboli tija tinali togonamo antchito amenewo, tambiri tinagwetsedwa pomanga ma flats, totsalato ndi tomwe boma linasandutsa Cultural Village mu 1974. Playhouse nayo inamangidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi kalabu ya azungu kuti azioneramo masewero a kwawo. N'chifukwa chake pa yunivesite ya UNZA cha m'ma 1970 aphunzitsi ndi ophunzira anayambitsa Chikwakwa, bwalo la panja lopanda denga, n'kumanyamulanso masewero kupita nawo m'maboma m'zilankhulo zathu. Usaiwale kulembako zimenezo, funso lakoli anthu analifunsa iwe usanabadwe.

Ife a ku Matero ndi anzathu a ku Chilenje tinali ndi maholo a welfare, mmenemo munkachitika nkhonya, mabandi, filimu, magule, chilichonse. Masiku ano holo iliyonse yamtundu umenewu ukapita Lamlungu muli tchalitchi, Loweruka muli kitchen party, pakati pa sabata muli workshop ya bungwe, ndipo sindikuwanena oyang'anira chifukwa amenewo ndi amene amalipira, gulu la zisudzo la ana khumi osagwira ntchito lilipira chiyani?

Tsono chomwe ndikufuna umve ndi ichi. Usamawafunse kuti mumaonetsera kuti, uziwafunsa kuti mumakonzekera kuti. Sewero la ola limodzi limadya miyezi yokonzekera, ndipo miyezi imeneyo imathera mu kalasi ya sukulu ana akaweruka, kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wa mango pa yadi ya membala mmodzi amene makolo ake ndi oleza mtima. Malo amenewo ndi amene amasunga gulu kapena kulipha. Gulu lina labwino kwambiri lomwe ndinalidziwa linatha chifukwa ahedi amene ankawapatsa kiyi wa kalasi anasamutsidwa, obwerawo anati sakufuna phokoso, basi mpaka lero anawo anabalalika. Palibe anawalakwira mwadala, kungoti panalibe kapepala kalikonse konena kuti kalasi imeneyo madzulo ndi yawo.

Ufunsenso kuti ng'oma ndi zovala amasunga kuti. Anthu amaseka ndikanena izi koma kachipinda kotseka bwino kosadontha ndi chinthu chachikulu kuposa siteji. Ng'oma ikanyowa chikopa chimafooka, zovala za nsalu ndi zikopa makoswe amadya, ndiye chaka chilichonse mumayambanso kugula. A NATAAZ, bungwe la a zisudzo, akakonza chikondwerero cha zisudzo magulu ambiri amabwera ndi zovala zobwereka, osati chifukwa cha ulesi ayi.

Chomaliza, poti dzina lako sindikulidziwa koma Chichewa chako chikumveka cha kummawa. Pali malo ena omwe sulemba pa mapu olo akuuze. Gule Wamkulu a UNESCO anamuzindikira mu 2005 ndipo muno mu Lusaka alipo anthu amene amakonzekera kupita ku Kulamba ku Mkaika mwezi wa Ogasiti, bwalo lovinira ungalembe ngati eni ake alola, koma za dambwe usafunse n'komwe. Ukadutse kwa akuluakulu kaye.

Mabiti_a_mu_Chawama anayankha:

Ba sister mapu anu sadzatipeza ife olo muzungulire chaka chonse kkkkk. Situdiyo yanga ndi chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya a landilodi, khoma ndinamata matireyi a mazira ndi siponji ya matiresi akale, muli laputopu, ka sound card, maiki imodzi, masipika awiri, basi. Panja palibe chikwangwani ndipo sindidzaika, choyamba akuba akangodziwa kuti muli laputopu usiku womwewo abowola malata, chachiwiri chikwangwani chimaitana anthu ofunsa mapepala oti ine ndilibe. Ndiye mukabwera ndi foni n'kumati ndikutenga GPS ambiri tidzakuuzani kuti muno mumagona agogo. Lembani dzina la komboni ndi zoni, pakhomo penipeni ayi. Ndipo musabwere nokha, mubwere ndi munthu amene timamudziwa, DJ, wa bababu, wa kwaya, aliyense, kenako ine ndikulozerani wina, winayo akulozerani wina, ndi mmene mungatipezere.

Mwafunsa chovuta kwambiri, ndi malaiti. Mu 2024 chilala chija madzi atatsika ku Kariba tonse mukudziwa mmene zinalili, malaiti kubwera maola ochepa chabe nthawi zina pakati pa usiku, ndiye woimba umamuimbira foni ma 02 kuti thamanga abwera, afike ayambe kukuwa mu maiki aneba akugona khoma lomwelo, mawa lake a landilodi akukudikira pakhomo. Jenereta sithandiza chifukwa phokoso lake limalowa mu maiki, chofunika ndi inveta ndi batire ndi sola koma mtengo wake ndi nyimbo zingati zomwe ungajambule kuti ubweze? Amene anali ndi sola ku mayadi uko anatenga makasitomala athu onse nthawi imeneyo. Ndiye mukalemba zosoweka, pamwamba penipeni muike chipinda chokhala ndi magetsi osazima ndi intaneti, choti munthu ungabuke maola awiri atatu pa mtengo wa komboni, sitikupempha Mulungushi ina ife.

Chinanso ndi lendi. Ukangokonza chipinda bwinobwino, waika siling'i, wapenta, makasitomala ayamba kudziwa njira, a landilodi aona magalimoto awiri panja akuti mwezi wa mawa ndakweza kapena mwana wanga akukwatira akufuna chipindacho. Umamatula matireyi ako n'kukayambanso kwina.

Za bala mwafunsazo, iwerengeni ndithu, nanga woimba wa mu komboni amayambira kuti? Koma mulembenso kuti mwana wa zaka 15 amene amaimba bwino sangalowemo, ndipo sayenera kulowamo, ndiye alibe poimbira kupatula kutchalitchi, ngati nyimbo zake si za Mulungu ndiye basi aziimbira ku bafa. Zochitika zabwino zambiri zimakhala ku Showgrounds kapena ku Longacres, kuchoka kuno ndi mabasi awiri, utsike mu town ukwerenso ina, shoo ithe ma 22 mabasi atha, takisi yobwerera ndalama yake kuposa ya pakhomo. Woimba Paul Ngozi anakulira mu Chibolya, anyamata a Circus Zambia nawonso anachokera mu Chibolya momwemo, luso likuchokera kuno koma pokalionera ndi kutsidya kwa njanji.

Wa_mu_Kanyama_weniweni anayankha:

Ine mundikhululukire koma nkhani iyi ikundinyansa pang'ono. Kuno mvula ikagwa timavala magambutsu kuchokera pabedi, zimbudzi zimasefukira kulowa m'zitsime, Januwale 2024 anthu anagonekedwa mu Heroes Stadium chifukwa cha kolera masukulu mpaka kuchedwa kutsegula, ndiye wina abwere pa msonkhano wa wadi kudzanena za malo ovinira? Adzakuthamangitsani amayi a kuno. Ndalama ikapezeka ipite ku ngalande, mipope ndi zinyalala, zikatha zimenezo ndiye tidzavine. Mlongo wanga sindikukunyozani, sukulu yanu malizani bwino, koma mukanasankha za ngalande mukanatithandiza.

Amake_mapasa anayankha:

Achimwene a ku Kanyama zomwe mwanena ndi zoona, ifenso ku Mtendere matope timawadziwa. Koma ndikufunseni, nthawi ya kolera imene ija amene ankayenda m'misika ndi ng'oma kusonkhanitsa anthu kuti amve za kusamba m'manja ndi klorini anali ndani? Si magulu a zisudzo omwewa? Pakagwa vuto amawafuna, katemera amawafuna, voti amawafuna, zikatha aliyense amaiwala kuti anawa amakonzekera pa fumbi. Ndipo palibe wanena kuti ngalande isiyidwe.

Mwana wanga wa mapu, ine ndine telala komanso ndili mu gulu la amayi oimba ng'oma pa ma kitchen party ndi chilanga mulilo, ndiye ndikuuze kuti mndandanda wako uja uli ndi azibambo okhaokha osadziwa. Loweruka lililonse muno mu Lusaka muli amayi ambirimbiri amene akudya chifukwa cha ng'oma, kuvina, kuphunzitsa masitepe a ukwati, kusoka mayunifomu a chitenje a komiti, kukongoletsa holo, kuluka tsitsi la mkwatibwi. Ameneyo ukamufunsa kuti kodi ndinu a zaluso adzakana, adzati ine ndimangothandiza pa maukwati. Ndiye mawu akuti luso usayambe nawo, ufunse kuti Loweruka lapitali munagwira ntchito yanji, munakonzekera kwa ndani.

Ife timakonzekera pa nyumba ya membala mmodzi mosinthana, ndipo nyimbo zina za alangizi si zoti ana ndi azibambo azimva, ndiye nyumba za mu komboni mmene zinathithikirana muja timachita kutseka mawindo kutentha konseko mu Okutobala. Chipinda chotseka chokhala ndi chimbudzi chabwino ndi madzi chingatithandize kwambiri. Za chimbudzizi ulembe ndi zilembo zazikulu, malo opanda chimbudzi ndi posinthira zovala mtsikana sapitako kawiri, ndipo amake samulola. Chimodzimodzi magetsi a mu msewu, rihezo ikatha ma 18 kwada anyamata amapita okha koma atsikana amayamba kujomba mmodzimmodzi mpaka gulu latsala la amuna, kenako anthu azinena kuti atsikana alibe chidwi.

Upitenso m'misika. Matelala tili m'tizipinda ta ku Kamwala, City Market, Mtendere, mashini atatu mu kachipinda koti munthu mmodzi, potayira nsalu kuti udule palibe timadulira pa maondo. Amakalipentala ndi owotcherera zitsulo a mu Alick Nkhata Road ku Kalingalinga aja, mipando ndi mageti amapanga zija si luso? Amagwirira m'mbali mwa msewu chifukwa ndi pomwe kasitomala amawaona, ndipo mmene malo akudulira ku Kalingalinga maofesi ndi mashopu akumangidwa, sindikudziwa kuti zaka zikubwerazi adzakhala ali pomwepo. Kwaya usaiwale, tchalitchi ndiye holo yaikulu ya komboni iliyonse, oimba ambiri amene mumawamva pa wailesi kiyibodi anaigwira koyamba kumeneko.

Wamapulani_wopuma anayankha:

Ndawerenga zonse, ndipo a ku Kanyama musachoke, funso lanu ndi lomwe mwanayu adzakumane nalo pa msonkhano uliwonse, bola alimve pano.

Mphwanga, ine ntchito ya mapulani ndinaigwira mpaka kupuma ndiye ndikuuze mmene pepala lako lingapulumukire mu kabati. Pulani yaikulu ya Lusaka yomwe a JICA, bungwe la boma la Japan, anathandiza kulemba mu 2009, yoyang'ana mpaka 2030, mtima wake unali pa misewu yozungulira mzinda, madzi, malo a mafakitale ndi kukonza makomboni. Za chikhalidwe m'mapulani ambiri zimalowa mu mzere umodzi pamodzi ndi masewero ndi malo opumulira, ndipo si chifukwa cha nkhanza, wamapulani amalemba chomwe ali ndi nambala yake. Sukulu ili ndi nambala, kiliniki ili ndi nambala, mpope uli ndi nambala, rihezo ya pansi pa mango ilibe. Ntchito yako ndi kuipatsa nambala yoona.

Ndiye usawerenge nyumba, uwerenge ntchito ndi maola. Pa malo aliwonse ulembe: pamachitika chiyani, masiku ati, nthawi yanji, anthu angati, amuna angati akazi angati, a zaka zingati, mwini malo ndani, kiyi amasunga ndani, amalipira bwanji, pali pangano lolemba kapena la pakamwa, magetsi, madzi, chimbudzi, posungira katundu, mvula ikagwa pamatheka kapena ayi, anthu amayenda mphindi zingati kufika. Ufunsenso malo omwe anataya m'zaka zisanu zapitazi ndi chifukwa chake, yankho la funso limeneli ndi lomwe lidzatsegule maso a makhansala kuposa ena onse. Mafunsowa uwaike mu pulogalamu ya KoboToolbox pa foni, imagwira olo netiweki palibe, mapu ukapangire mu pulogalamu ya QGIS pamwamba pa mapu a pa intaneti a OpenStreetMap. Koma mnyamata wa situdiyo wanena zoona, malo a munthu payekha uwaonetse pa mlingo wa zoni chabe, ndipo pali lamulo la Data Protection Act la 2021, munthu avomere kaye usanalembe za iye, umuuzenso kuti pepalalo likupita kuti.

Poyambira pita ku National Arts Council, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1994, ndi mabungwe ngati Visual Arts Council ku Henry Tayali, ZAM ya oimba ndi NATAAZ, akupatse magulu omwe amawadziwa mu mawadi ako. Ungodziwa kuti amenewo ndi olembetsa okha, enawo uwapeza ndi miyendo. Uyende Lachitatu madzulo, Loweruka masana ndi Lamlungu, malo amodzi omwewo amasintha nkhope katatu. Uyendenso nthawi ya mvula, bwalo lomwe mu Julaye ndi siteji mu Febuluwale ndi dziwe.

Mbali ina yomwe ana a sukulu amaiwala ndi kuwerenga zipinda zomwe zilipo kale koma zimakhala zotseka: makalasi ikakwana 17, maholo a matchalitchi pakati pa sabata, zipinda za pamwamba m'misika, malaibulale. Ukaika mapu a magulu osowa malo pamwamba pa mapu a zipinda zotsekazo, mwina upeza kuti wadi ina sikufunika njerwa ngakhale imodzi, ikufunika pangano lolemba pakati pa sukulu ndi magulu, loko watsopano ndi sola. Ukaone malaibulale a Lubuto ku Kamwala ndi ku Garden mmene anachitira, anamanga pa malo a bungwe ndi sukulu zomwe zinalipo kale ndipo ana amachitiramo zojambula ndi zisudzo osati kuwerenga kokha.

Za ndalama, khomo ndi CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'ma constituency. Inali K1.6 miliyoni pa constituency, mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni ndipo yakhala ikukwerabe, mu 2022 momwemo Lusaka inali ndi ma constituency asanu ndi awiri, Kanyama, Chawama, Matero, Mandevu, Munali, Kabwata ndi Lusaka Central. Mapulojekiti amayambira m'misonkhano ya m'mazoni kupita ku Ward Development Committee (WDC), komiti ya wadi ija, ndiye ngati anthu a zaluso sakhala pa misonkhano imeneyo dzina lawo silidzatuluka, pepala lako lokha silingavote. Ndipo pamenepo ndi pomwe ndikuyankha a ku Kanyama: musapemphe nyumba ya zisudzo, mupemphe holo ya ntchito zambiri yomwe idzakhale ya misonkhano, sikelo ya ana, maphunziro a ntchito za manja, pothawira madzi akasefukira, ndipo madzulo ya magulu. Imeneyo amayi sangaithamangitse. Koma walira mvula walira matope, holo ikamangidwa pamafunika mlonda, mayunitsi a magetsi, wokolopa, wokonza chimbudzi chikatsekeka, ndipo ndalama zomangira sizilipira zimenezo. Mutu umodzi wa pepala lako ukhale wa amene adzayendetse ndi komwe ndalama ya mwezi ndi mwezi idzachokere.

Za malo omangapo usamale. M'makomboni ambiri anthu ali ndi occupancy licence, chilolezo chokhala pa malo cha zaka 30, osati title, ndipo mabwalo opanda mpanda amadyedwa pang'onopang'ono, lero kontena, mawa maziko. Bwalo lililonse lomwe ana amavinirapo kapena kumenyerapo mpira ulijambule malire ake ndi tsiku, upemphe kuti lilowe mu local area plan, pulani ya dera limenelo, ngati malo a anthu onse. Chimenecho chokha chingakhale phindu la kafukufuku yense.

Mtsikana_wa_mapu anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndakopera zonse mu kope. Ndikuganiza zotenga wadi imodzi ku Chawama, imodzi ku Matero ndi ina ya ku Mtendere kapena Kalingalinga kuti pakhale kusiyana, ndikakambirana ndi aphunzitsi Lolemba. Amama a mapasa funso la Loweruka lapitali lija ndalitenga momwe mwalinenera. Achimwene a ku Kanyama sindinakhumudwe, ndipo funso loti mvula ikagwa pamatheka kapena ayi lidzatulutsa nkhani ya ngalande yomweyo, ngati mungalole ndidzabwere ndidzamve kwa magulu a kwanuko olo wadi yanu isakhale mu zitatuzo.

Chatsala chondivuta ndi ichi, anthu ndikawadyera ola lathunthu ndi mafunso ndiwapatse kanthu? Thumba langa ndi la mwana wa sukulu, komanso ndikuopa kuti ndikayamba kupereka aliyense adzakhala woimba tsiku limenelo.

Mabiti_a_mu_Chawama anayankha:

Ndalama musapereke, mudzaitana komboni yonse kkkk. Ka drinki ndi talk time ya amene akukuperekezani zakwana. Chomwe chimatipweteka ife ndi anthu obwera ndi mafunso ndi makamera kenako zii osabweranso, mawa uone chithunzi chako mu lipoti la bungwe. Mukamaliza mubwere mudzatiwerengere zomwe mwalemba mu Chinyanja, mutisiyire kope imodzi yoti ifenso tikapita nayo ku WDC tikhale ndi cholozera. Ndilembereni ku inbox, Loweruka masana ndimakhalapo.

Mdala_wa_zisudzo anayankha:

A mapulani mwalankhula zanzeru ndipo za kuwerenga zipinda zotseka zija ndagwirizana nazo kwathunthu. Koma pa holo ya ntchito zambiri ndikutsutsani pang'ono, chifukwa maholo a welfare ndanena aja analinso a ntchito zambiri, ndipo ntchito zikachuluka woyamba kutulutsidwa ndi amene salipira. Komiti imayamba bwino, kenako bilu ya magetsi yabwera, wina wabwera ndi ndalama ya miyezi isanu ndi umodzi kuti azipempheramo, mukana bwanji? Ndiye mwana wanga ukalemba za holo yotereyo ulembe kuti maola a magulu akhale mu pangano kuyambira tsiku loyamba, mwachitsanzo masiku atatu pa sabata kuyambira 15 mpaka 18, osagulitsidwa kwa wina aliyense olo abwere ndi ndalama zingati, ndipo mu komiti yosunga kiyi mukhale munthu wa magulu, wamkazi mmodzi wamwamuna mmodzi. Kachipinda kosungira ng'oma kakhale ndi khomo lakelake lakunja. Ku Matero ukabwera ufike Lachinayi, ndi tsiku lomwe ana amakumana, ndidzakuonetsanso magulu ena awiri a ku George amene sali pa mndandanda wa aliyense.